Tsiku limene terminal inandikana

Linali Lachinayi, cha m'ma 7 koloko madzulo, titangochoka kokadya. Mawa lake pofika 12 koloko masana aliyense wa m'kalasi mwathu ankayenera kukhala atapereka pulojekiti ya kumapeto kwa semesita. Yanga inali itatsala pang'ono kutha. Kanali kapulogalamu ka Python kowerengera masheya, ngongole ndi chiwongoladzanja cha gulu la banki m'khonde lomwe mayi anga ndi mlembi wake. Chomwe chinatsala n'kukayesa komaliza, kenaka n'kukatumiza kwa aphunzitsi kudzera pa git. Ndinatsegula laputopu n'kudina Ctrl, Alt ndi T monga mwa masiku onse. Windo lakuda lija linatseguka ndithu, koma munalibe kamzere kophethira kodikira kuti ndilembe. Pamwamba pake panatulukira chikwangwani chofiira chokhala ndi mawu a Chingerezi. Sindinachiwerenge. Ndinatseka windolo n'kulitsegulanso, kachiwiri, kachitatu, mpaka kachisanu, ngati munthu amene akuponda njinga yamoto yopanda mafuta.

Kuti mumvetse mantha amene anandigwira, muyenera kudziwa za laputopu imeneyi. Ndi yakale, yogula kwa munthu wina, ya RAM ya 4 GB basi, ndipo batani limodzi linathothoka. Mayi anaigula ndi ndalama zomwe analandira gulu lawo litagawana masheya kumapeto kwa chaka chomwe ndinasankhidwa kubwera ku koleji. M'chaka choyamba ndinaikamo Ubuntu chifukwa Windows inkaiyendetsa ngati kamba. Ntchito yanga yonse inali m'menemo, ndipo kwa milungu iwiri ndinali ndisanatumize kalikonse pa git chifukwa bandulo ya intaneti inkatha msanga. Ndinatsegula VS Code poganiza kuti ndigwiritse ntchito terminal ya m'menemo, koma nayonso inakana. Pamenepo mtima unayamba kugunda ngati ng'oma.

Munthu akachita mantha amayamba wafunafuna womuloza chala. Ine sindinavutike kumupeza. M'mawa wa tsiku lomwelo mnzanga wa m'chipinda, amene akuphunzira za uphunzitsi, anabwereka laputopuyo kuti alembe asayimenti yake. Anali atakhala pabedi lake akusoka batani la shati pamene ndinamutembenukira.

"Aise, wachita chiyani ndi laputopu yanga?"

"Ndangolemba asayimenti basi. Nditamaliza ndatseka mawindo onse amene anali otsegula, kuti batire lisathe."

"Ndani anakuuza kuti utseke? Zinthu zimene sukuzidziwa umazigwiriranji?"

Ndinalankhulanso zina zomwe sindingazilembe m'magazini ino. Ndinamukumbutsa za sopo, za shuga, ndi za tsiku lina limene anabwereka tchaja changa n'kukachiiwala m'kalasi. Iye sanandibwezere. Anaika singano pansi n'kunena motsitsa mawu kuti aimbira achimwene ake a ku tauni kuti amutumizire ndalama yokonzetsera. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti fizi yake ya semesita imeneyo inali isanathe kulipiridwa, koma ndinangoti chete, n'kumusiya atuluke ndi foni yake.

Pahositelo pathu pali mnyamata wina wodziwika ndi kukonza mafoni. Ndinathamangira kwa iye. Anayang'ana sikirini kwa masekondi ochepa chabe n'kugamula kuti Ubuntu yafa, njira yake n'kufomata n'kuikamo Windows, ndipo akhoza kuchita usiku womwewo ndikamupatsa kangachepe. Ndinatsala pang'ono kuvomera. Chimene chinandiletsa si nzeru ayi, koma kuti ndinalibe ndalamayo. Ndinanyamula laputopu n'kupita ku labu ya makompyuta, ndikuganiza zoti mwina ndiyambirenso kulemba pulogalamu yonse kuchokera m'mutu.

Usiku umenewo mu labu munali asisi ena a chaka chachinayi amene amathandiza kuyang'anira labuyo. Nditawafotokozera kuti mnzanga wandiwonongera kompyuta, sanafunse za mnzangayo. Anakoka mpando n'kundiuza kuti nditsegule terminal. Chikwangwani chofiira chitatuluka, dzanja langa linathamangira kukatseka monga mwa chizolowezi.

"Dikirani kaye, achimwene. Werengani zimene zalembedwazo. Mokweza."

Ndinachita manyazi, koma ndinawerenga. Mzere woyamba unkanena kuti pachitika vuto poyambitsa "child process" ya terminal imeneyi. Wachiwiri unali ndi mawu akuti "Failed to execute child process", kenaka /usr/bin/zsh, ndipo kumapeto kwake "No such file or directory".

"Ndiye ikuti chiyani m'Chichewa?"

"Ikuti yalephera kuyambitsa zsh chifukwa fayiloyo palibe."

"Basitu. Kompyuta yakuuzani vuto lake kasanu konse, inu mukuitseka pakamwa."

Asanagwire china chilichonse anandiuza zinthu ziwiri. Choyamba, ndisazimitse laputopuyo mpaka titadziwa chimene chavuta, chifukwa panthawiyo ndinali ndili m'kati kale, ndipo si nzeru kutuluka m'nyumba usanadziwe ngati kiyi akutsegulabe. Chachiwiri, nditsegule Files n'kukopera foda ya pulojekiti yonse pa fulashi. Ndinadabwa kuona mafayilo anga onse ali bwinobwino, palibe ndi imodzi yomwe yosowa. M'mutu mwanga kufa kwa terminal kunali kufa kwa kompyuta yonse. Zikanakhala kuti ndinali ndi ndalama ija, bwenzi nditafufuta ntchito ya miyezi itatu chifukwa cha vuto lomwe silinakhudze fayilo yanga ngakhale imodzi.

Kenaka anandifunsa funso lomwe ndinkaganiza kuti ndi lachibwana: terminal ndi shell zimasiyana bwanji? Ndinali nditagwiritsa ntchito zinthu ziwirizi kwa zaka ziwiri, koma ndinayankha kuti ndi chinthu chimodzi. Anandifotokozera ndi chitsanzo cha okala. Ukapita pa okala umaima pazenera n'kunena chimene ukufuna, koma zenera silikugulitsa kanthu. Wogulitsa ali m'kati, ndiye amamva mawu ako, amatenga katundu pashelefu n'kukupatsira pazenerapo. Terminal ndi zeneralo. Ntchito yake n'kulandira zimene ukulemba pa kiyibodi ndi kuonetsa zilembo pa sikirini. Shell ndiye wogulitsa uja, pulogalamu yomwe imamva malamulo monga ls, cd kapena git push n'kuwachita. Ukatsegula terminal, chinthu choyamba chomwe imachita n'kuitana shell. Shell ikapanda kubwera, kapena ikabwera n'kutuluka nthawi yomweyo, zenera limatsala lopanda ntchito.

Pambuyo pake ndinakawerenga mbiri yake, ndipo ndinaona kuti kusiyanaku n'kwakale. Kalelo terminal chinali chipangizo chenicheni chogwirika ndi manja, chokhala ndi kiyibodi, cholumikizidwa ndi waya ku kompyuta yaikulu yomwe inkakhala m'chipinda china. Zoyambirira zinkasindikiza mayankho papepala ndipo zinkatchedwa teletype. N'chifukwa chake mpaka lero mu Linux timaona dzina lakuti tty. Mu 1978 kampani ya DEC inatulutsa VT100, terminal ya sikirini yomwe inatchuka kwambiri moti mapulogalamu a masiku ano amatsanzirabe kachitidwe kake. Windo lakuda lomwe timatsegula pa laputopu ndi pulogalamu yongoyerekezera chipangizo chimenecho, ndipo dzina lake lonse ndi terminal emulator. Ma shell nawo ali ndi mbiri yawoyawo. Stephen Bourne analemba shell yomwe inatuluka ndi Unix Version 7 mu 1979. Brian Fox analemba bash ya pulojekiti ya GNU, yomwe inatuluka mu 1989, ndipo ndi imene munthu amaipeza akangoika Ubuntu. Paul Falstad analemba zsh mu 1990 ali wophunzira ku Princeton. Kuyambira mu 2019 makompyuta a Apple amabwera ndi zsh ngati shell yoyambira, ndipo mwina n'chifukwa chake mavidiyo ambiri ophunzitsa kulemba mapulogalamu amaonetsa zsh yokongoletsedwa.

Mavidiyo amenewo ndi amene anandikopa ine. Asisi aja atandifunsa kuti zsh inalowa bwanji m'kompyuta yanga, ndinakumbukira kuti ndinaiika ndekha miyezi ingapo m'mbuyomo, pofuna kuti terminal yanga izioneka ngati ya akatswiri, ya mitundumitundu ndi timivi. Koma kuti ndinachita chiyani kwenikweni kuti iziyamba yokha, sindinakumbukire. Anati palibe kanthu, tifufuza malo amodziamodzi.

Pachikwangwani chofiira chija panali batani lopita ku Preferences. Tinalowa m'menemo, tinasankha profile yanga, kenaka tsamba lolembedwa Command. Kabokosi ka "Run a custom command instead of my shell" kanali kochongedwa, ndipo m'munsi mwake munalembedwa /usr/bin/zsh. Apa ndiye kuti ndinali nditalamula terminal kuti isafunsenso kwina kulikonse, izingoitana zsh basi. Tinachotsa chongacho. Ndinapumira m'mwamba poganiza kuti nkhani yatha.

Nditatsegulanso, chikwangwani chofiira sichinabwere, koma zinthu zinaoneka ngati zaipiraipira. Windo linkangophethira n'kuzimiririka, osatha ndi sekondi yomwe. Panalibenso uthenga woti ndiwerenge. Asisiwo sanatekeseke. Anati windo likamatseka lokha chonchi ndiye kuti shell yabwera koma yatuluka nthawi yomweyo, ndipo terminal ikungotsatira lamulo lake loti shell ikatuluka nayo itseke. Anadina Alt ndi F2, panatuluka kabokosi kolembamo lamulo limodzi, ndipo analemba izi:

gnome-terminal -- bash --norc

Windo linatseguka n'kukhala. Kamzere kophethira kaja kanabwerera. Anandifotokozera kuti lamulo limeneli likuuza terminal kuti iitane bash mwachindunji, ndipo mawu akuti --norc akuuza bash kuti isawerenge fayilo ya .bashrc, yomwe imawerenga nthawi zonse ikamayamba. Popeza bash yayamba bwino itadumpha fayiloyo, ndiye kuti bash ilibe vuto, vuto lili m'fayilomo. Apa m'pamene ndinayamba kuona mmene ankaganizira. Sankalota. Ankachotsa chinthu chimodzi n'kuona ngati vuto latsala kapena lachoka.

Kuti ndione ndi maso anga, anandibwezera ku tsamba la Command lija. Pali malo ofunsa chimene terminal ichite lamulo likatha, ndipo tinasankha "Hold the terminal open". Titatsegula terminal mwa nthawi zonse, windo silinathawenso. Linaonetsa mzere womwe unkazimiririka maso asanauone, wothera ndi mawu akuti "exec: zsh: not found", komanso chikwangwani chonena kuti shell yatuluka ndi nambala 127. Pulogalamu iliyonse ikamatha imasiya nambala. Ikasiya 0 ndiye kuti zonse zayenda bwino, ndipo mu shell 127 imatanthauza kuti lamulo lomwe waitana silinapezeke.

Tinatsegula .bashrc. Mafayilo oyamba ndi kadontho amakhala obisika, koma mu Files ukadina Ctrl ndi H amaonekera, kotero ngakhale munthu wopanda terminal akhoza kuifika fayiloyi. Kumapeto kwenikweni kunali kamzere ka mawu awiri: exec zsh. Lamulo la exec limauza shell kuti ichoke, malo ake atengedwe ndi pulogalamu ina. Ndiye chimene chinkachitika n'chakuti terminal, itasowa zsh, inkaitana bash. Bash inkayamba bwinobwino, inkawerenga .bashrc mpaka kumapeto, n'kupeza lamulo loti ipereke mpando kwa zsh. Zsh kulibe, bash n'kutuluka, windo n'kutseka. Tinaika chizindikiro cha # kutsogolo kwa mzerewo kuti usamawerengedwe. Anandiuzanso kuti ngati tsiku lina ndidzasokoneze .bashrc mpaka osadziwa pogwira, ina yatsopano imakhala mu foda ya /etc/skel, ndipo ndikhoza kukopera imeneyo.

Terminal inatseguka bwino. Ndinayamba kulongedza, koma anandigwira mkono.

"Simunathe. Dinani Ctrl, Alt ndi F3."

Sikirini yonse inada, n'kutsala mawu ofunsa dzina ndi pasiwedi. Imeneyi ndi console, khomo lolowera m'kompyuta popanda zithunzi ndi mawindo, lomwe limathandiza tsiku limene china chilichonse chakana. Ndinalemba dzina langa ndi pasiwedi. Inavomera, inaonetsa mizere ingapo, kenaka inandibwezera pomwe ndinayambira, kufunsanso dzina. Ndinayesanso kawiri, chimodzimodzi. Khomo langa lothawira pangozi linali lokhoma ine osadziwa.

Tinabwerera ku mawindo ndi Ctrl, Alt ndi F2, ndipo anandiuza kuti ndilembe getent passwd n'kutsatiza dzina langa. Panatuluka mzere umodzi wochokera m'fayilo ya /etc/passwd. Munthu aliyense wokhala ndi akaunti m'kompyuta ya Linux ali ndi mzere wake m'fayilo imeneyi, wogawidwa m'zigawo 7. Chigawo choyamba ndi dzina, chachisanu ndi chimodzi ndi foda yake, ndipo chomaliza ndi shell yomwe kompyuta iyenera kumuyambitsira akalowa. Changa chomaliza chinali /usr/bin/zsh. Console ija inkandilandira, n'kuitana shell yomwe kulibe, n'kunditulutsa.

Apa zonse zinabwerera m'mutu. Tsiku lomwe ndinaika zsh ndinayamba ndi lamulo la chsh, monga inanenera vidiyo, ndipo limeneli ndi lomwe linasintha /etc/passwd. Nditatsegula terminal sindinaone kusintha, chifukwa kusintha kumeneku kumayamba kugwira ntchito munthu akatuluka mu akaunti n'kulowanso. Ine sindinadziwe zimenezo, ndiye ndinafufuza njira ina n'kuika exec zsh mu .bashrc. Zsh inayamba kubwera, koma nditalemba echo $SHELL kompyuta inkayankhabe kuti bash, pa chifukwa chomwe chija choti ndinali ndisanatuluke n'kulowanso. Poganiza kuti sizinatheke, ndinakachonganso kabokosi ka mu Preferences. Chinthu chimodzi ndinachikhomera misomali itatu, m'malo atatu osiyana, chifukwa chosafuna kudikira ndi kufunsa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Ndinalemba chsh -s /bin/bash kuti ndibwezeretse zinthu. Inafunsa pasiwedi, ndinalemba molondola, koma inayankha kuti "PAM: Authentication failure". Ndinayesanso pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi, yankho lomwelo. Asisiwo anaseka n'kundiuza kuti pasiwedi ilibe mlandu. Pali fayilo ina, /etc/shells, yomwe ndi mndandanda wa ma shell ovomerezeka m'kompyutamo. Pa Ubuntu, chsh imakana kuthandiza munthu amene shell yake ya panopa sili pamndandandawo. Zsh itachotsedwa, dzina lake linachotsedwanso pamndandanda, ndiye ine ndinasanduka mlendo wosadziwika. Njira yake inali kugwiritsa ntchito mphamvu za woyang'anira kompyuta: sudo usermod -s /bin/bash n'kutsatiza dzina langa. Titayang'ananso mzere uja, chigawo chomaliza chinali chitasintha. Tinayesa console ndipo inandilowetsa. Pamenepo m'pamene anandilola kutuluka mu akaunti n'kulowanso, ndipo nditatero terminal ya mu VS Code nayo inayamba kugwira ntchito.

Anandiuza kuti panali njira yachidule, yongoikanso zsh ndi sudo apt install zsh, ndipo zonse zikanayambanso kuyenda m'mphindi ziwiri. Koma misomali itatu ija ikanakhalabe pomwepo kudikira tsiku lina.

Nthawi inali itadutsa 9 koloko. Ndinawathokoza, ndipo pofuna kudzitonthoza ndinati chomwe chatsala n'kukamufunsa mnzanga uja kuti anachotseranji zsh.

"Mnzanuyo amadziwa pasiwedi yanu?"

"Ayi. Ndinamutsegulira ndekha."

"Ndiye akanachotsa bwanji pulogalamu popanda pasiwedi? Tiyeni tifunse kompyuta yomweyi."

Pa Ubuntu, chilichonse chimene apt yaika kapena kuchotsa chimalembedwa m'fayilo ya /var/log/apt/history.log, pamodzi ndi tsiku, nthawi, lamulo lomwe linalembedwa ndi dzina la amene analamula. Tinapita kumapeto kwa fayiloyo. Panali lamulo lakuti apt remove zsh, dzina langa, ndi nthawi yake: usiku wa Lachitatu kucha Lachinayi, itangodutsa 1 koloko. Nthawi imeneyo mnzanga anali akuliza mkonono, ine ndili maso ndi pulojekiti.

Kunena zoona, sindinganene kuti ndinaiwala. Usiku umenewo laputopu inkachedwa, ndipo zokongoletsa za zsh zinkachititsa kuti kamzere kolembapo kazitenga nthawi kuti kabwere. Nditatopa nazo ndinachotsa zsh, ndikuganiza kuti kompyuta ibwerera yokha ku bash. Nditachotsa, terminal yomwe inali yotsegula inapitiriza kugwira ntchito, ndipo ndinagwiritsa ntchito kwa ola lina lathunthu. Zimenezi zinanditsimikizira kuti sindinawononge kanthu, moti madzulo ake sindinaganizeko n'komwe zolumikiza zinthu ziwirizi. Chomwe sindinkadziwa n'chakuti mu Linux pulogalamu yomwe yayamba kale kuyenda imapitiriza ngakhale fayilo yake itachotsedwa. Zsh yomwe inali m'windo lija inali yotsiriza. Mnzanga atatseka windolo pofuna kundisungira batire, inapita osabwereranso. Akanapanda kutseka iye, ndikanatseka ndekha tsiku lomwelo kapena mawa lake.

Asisi aja sananene kanthu. Anangotseka fayiloyo n'kubwerera pa desiki yawo. Ndinayesa pulogalamu yanga, inayenda, ndipo ndinaitumiza pa git pogwiritsa ntchito intaneti ya mu labu. Ntchito yomwe ndinkaiopa inatenga mphindi khumi. Ulendo wochoka ku labu kupita ku hositelo ndi waufupi, koma usiku umenewo ndinauyenda pang'onopang'ono.

Ndinamupeza ali maso, atagona chagada. Ndisanalankhule anandiuza kuti achimwene ake alonjeza kutumiza ndalama Lolemba, akalandira, ndipo anapepesanso. Kupepesa kwakeko kunandipweteka kuposa chikwangwani chofiira chija. Ndinakhala pabedi lake, ndinatsegula laputopu n'kumuonetsa mzere wa mu history.log, dzina langa ndi nthawi yake. Sindikudziwa ngati anamvetsa zonse za zsh ndi bash, koma nthawi ya 1 koloko usiku anaimvetsa.

"Ndiye kuti sindinawononge ine?"

"Ayi, aise. Ndinawononga ndekha. Pepa kwambiri. Za sopo ndi shuga zija ndinalankhula zopusa."

Anakhala chete kwa kanthawi. Kenaka anati chomwe chinamuwawa si kumunamizira, chifukwa naye ankakhulupirira kuti walakwitsa penapake, koma kuti ndinali nditasunga mumtima tinthu tonse tija n'kumadikira tsiku lotitulutsa. Ndinalibe choyankha. Ndinamupempha kuti aimbirenso achimwene ake usiku womwewo, pa foni yanga, kuti ndiwafotokozere ndekha, asavutike kufunafuna ndalama. Kulankhula ndi munthu wamkulu amene sunamuonepo, n'kumuuza kuti unanamizira mng'ono wake, si chinthu chophweka. Anandimvetsera mpaka kumapeto n'kungoti, "Zikomo pondiuza, muzikhala bwino awirinu."

Kwa anzanga amene mukuphunzira za makompyuta, kapena amene mwangoika Linux pa laputopu yanu, zimene ndinatola usiku umenewo ndi izi. Terminal ikakana, yambani mwawerenga uthenga wonse, mokweza ngati kungatheke, ndipo muutanthauzire m'chinenero chanu. Koperani ntchito yanu pa fulashi musanayambe kukonza, ndipo musathamangire kuzimitsa kapena kufomata. Ngati windo likutseka lokha, liuzeni kuti lizikhala lotsegula kuti muone chimene shell ikunena isanatuluke. Yesani kuitana bash mwachindunji ndi --norc, kuti mudziwe ngati vuto lili mu shell kapena m'fayilo yomwe imawerenga poyamba. Kenaka yang'anani malo atatu aja: Preferences ya terminal, fayilo ya .bashrc, ndi mzere wanu wa mu /etc/passwd. Mukafuna kuchotsa shell yomwe mwakhala mukugwiritsa ntchito, yambani mwabwerera ku bash ndi chsh, tulukani mu akaunti n'kulowanso, tsegulani windo latsopano muone kuti likuyenda, ndipo mukatsimikiza m'pamene muchotse. Windo lomwe ndi lotsegula kale si umboni woti zinthu zili bwino.

Ine panopa ndili ndi kabuku kakang'ono komwe ndimalembamo chilichonse chimene ndasintha m'kompyuta, tsiku lake ndi fayilo yake. Anzanga amandiseka kuti ndikuchita ngati mlembi wa banki m'khonde, ndipo sindikana, chifukwa ndinatengera kwa mayi. Iwo salola kuti munthu anene kuti wakuti sanabweze ngongole asanatsegule kaundula.

Pulojekiti ija inakhoza, ndipo patchuthi ndinakawaonetsa mayi mmene imawerengera chiwongoladzanja. Ndi mnzanga uja tikukhalabe chipinda chimodzi. Kwa milungu ingapo sanabwerekenso laputopu yanga, ankapita kukaima pamzere ku labu ngakhale ndimuuze kuti atenge. Tsiku lina Lamlungu madzulo ndinabwera kuchokera ku mpira n'kupeza ali pa desiki yanga akulemba asayimenti. Atamaliza anatembenuka n'kundifunsa kuti, "Aise, windo lakudali nditseke kapena ndilisiye?" Ndinamuuza kuti atseke.